A Kwezani ndi benchi lomaliza

Kukangoyamba kuyera kum'mawa, basi yoyamba isanadutse pamsewu, chitseko cha kachipinda kakuseri chinkalira kwee, ndipo ndinkadziwa kuti alamu anga adzuka. Ankatsokomola katatu, n'kupita pampopi kukasukusula, kenako n'kukoka ndowa yakale n'kuivundikira pansi pa zenera langa lenilenilo, ngati kuti bwalo lonseli linalibe pena pokhala. Akakhazikika pandowapo ankalumikiza waya ku wailesi yakale imene anaichotsa zam'mimba, n'kukhudza nsambo imodzi ya gitala lawo la bokosi. Ndiii.

"Mlamu, mwamva?"

Nthawi imeneyo ine ndinkakhala ndagwada, pemphero la m'mawa lili pakati. Mwayi wake Ambuye ndi oleza mtima, ankadikira.

"Ndamva, alamu."

"Mwamva chifukwa muli pafupi. Tsekani zenera."

Ndinkatseka. Ndiii.

"Nanga pano?"

"Ndamvabe."

"Mukungondisangalatsa inu."

Amenewo ndiwo anali a Kwezani, akulu awo a malemu amuna anga. Dzina limene anabatizidwa nalo linatsala pachiphaso. Mumsewu wathu wonse, kuyambira kwa osoka nsapato mpaka kwa mayi ogulitsa makala, aliyense ankawadziwa ndi mawu amodzi amene sankachoka pakamwa pawo. Wailesi ikamalankhula m'sitolo: kwezani. Mlaliki akamalalikira: kwezani. Tsiku lina khanda la oyandikana nafe linkalira, mayi ake akulitonthoza, iwo anasuzumira pampanda n'kunena kuti mwanayo mawu ali nawo abwino, kungoti akuwaumira.

Musaganize kuti anali ogontha. Makutu amenewo ankamva supuni ikugunda kapu m'khitchini mwanga chitseko chili chotseka, ndipo pasanathe mphindi mwini makutuwo ankakhala ataima pakhomo kudzafunsa ngati ndagona bwino. Vuto lawo linali lina. Ankakhulupirira kuti chinthu chimene sichikumveka patali sichinayambe n'komwe kumveka.

Ntchito yawo inali yokonza mawotchi. Anali ndi katebulo ka galasi pakhonde la sitolo ya zitsulo, kagalasi kokuzira zinthu kali pamphumi ngati diso lachitatu. Kenako anthu anayamba kuona nthawi pafoni, katebuloko n'kusanduka malo owerengera anthu odutsa. Akazi awo anapita kukaona mayi awo amene ankadwala. Mayiwo anachira mwezi womwewo, koma akazi awo akuwaonabe mpaka lero. Amuna anga ndiwo anawaitana kuti adzakhale kuseriko. "Miyezi iwiri yokha, mpaka zinthu ziwayendere," anatero. Patapita zaka zitatu amuna anga anatsogola, n'kundisiyira nyumba, Baibulo ndi mkulu wawo.

Kachipinda kawo mukanakaona. Pakhoma panali misomali, pamsomali uliwonse wotchi yakufa, iliyonse ikuloza nthawi yakeyake ngati mboni zabodza. Patebulo panali mabotolo a tizitsulo, chitsulo chowotcherera mawaya, ndi fungo la guluu limene linkalowa mpaka m'zovala zanga za ku tchalitchi.

Bokosi la gitalalo anapatsidwa ndi woperekera zakumwa wa kuhotela ina, pothokoza kuti anamudzutsira wotchi ya agogo ake. Linali kabokosi ka matabwa opyapyala, mmene mumakhala ndudu zonenepa zija zimene amasuta anthu ofuna kuti tiwaone akusuta. Wina akanasungiramo mabatani. Alamu anga analiyang'ana masiku awiri, tsiku lachitatu tebulo langa lositira linadzuka ndi miyendo itatu. Mwendo wachinayiwo unali utasanduka khosi la gitala. Anamangapo nsambo zitatu, zotsamira pa bawuti yonenepa, n'kuboola kabowo pachivundikiro.

Linkalira bwino, ndisaname. Mawu ake anali ngati a mlendo waulemu amene akupempha madzi akumwa pakhomo pa anthu osawadziwa. Ine ndikanalisiya choncho. Koma kwa a Kwezani ulemu unali matenda ofunika kuchiza.

Mankhwala ake anali nawo kale patebulo. Mu wotchi iliyonse yolira muli kambale ka mkuwa, kopyapyala ngati chikhadabo, kamene iwo ankakatchula kuti piyezo. Ukakapatsa magetsi kamalira. Ukakagwedeza, kamatulutsa timagetsi take, ndipo timagetsito ukatitumiza ku chokuzira mawu, zimene kamva zimamveka panja.

"Kali ngati mayi ogulitsa makala aja," anandifotokozera. "Mukakanong'oneza kanthu, kakafikitsa kutali."

Timbale ta m'mawotchi a pamkono tinali tating'ono, choncho anayamba kusaka tokulirapo. Woyamba kuphedwa anali wotchi yanga yodzutsa. Wachiwiri anali khadi limene mwana wanga wamkazi ananditumizira, lija loimba ukalitsegula.

"Alamu, khadi langa lasiya kuimba."

"Batire, mlamu. Zinthu za masiku ano."

"Batire ndi limene lacheka kumbuyoku ndi lezala?"

"Mlamu, m'khadimo kambaleko kankaimba nyimbo imodzimodziyo tsiku ndi tsiku. Pano kakuimba zambiri. Muzikakondwerera, kakwezedwa pantchito."

Mwina mukudabwa kuti munthu wa imvi ankadzivutitsiranji chonchi. Nkhani inali imodzi. Ankafuna kuimba bokosi lawolo m'tchalitchi, Lamulungu, pamodzi ndi kwaya, ngakhale nyimbo imodzi yokha. Ali mnyamata anawachotsa m'kwaya chifukwa mawu awo ankagwetsa anzawo m'ngalande, ndipo chilondacho sichinapole. Pakamwa panakanidwa, tsono anafuna kulowera m'zala.

Atapita nalo koyamba, mkulu wina wa mpingo analinunkhiza n'kukwinya mphuno.

"Bokosi la fodya m'nyumba ya Mulungu?"

"Fodya linasiya, bambo. Inuyo mowa munasiya liti? Si tinakulandirani ndi manja awiri?"

Mkuluyo anakumbukira kuti ali ndi msonkhano kwina.

Amene anatsala anali a kwayamasitala, bambo a nsapato zowala amene amaimba kiyibodi ndi zala ziwiri, zotsalazo makina amaimba okha. Anamwetulira ngati munthu amene wapeza njira yokanira popanda kunena kuti ayi.

"Madala, ife sitikana munthu. Koma tchalitchi chathu n'chachitali. Chida chikalowa m'kwaya chiyenera kumveka mpaka benchi lomaliza, kiyibodi ikulira. Likamveka kumeneko, Lamulungu lotsatira muimba."

"Adzanene kuti lamveka ndani?"

A kwayamasitala anaponya maso uku ndi uku, maso aja n'kugwera pa ine, ndikupinda nsalu ya patebulo la kutsogolo.

"Mayi awa. Amakhala komweko, ndipo sanama. Ngakhale moni amayamba aganiza kaye asanayankhe kuti ali bwino."

N'zoona, ndimakhala benchi lomaliza. Ndinasamukirako amuna anga atamwalira, chifukwa kumeneko ukagwetsa msozi palibe amene amabwera kudzakusisita pamsana. Sindinkadziwa kuti ndasamukira pampando woweruzira milandu.

Mayeso oyamba anachitika Loweruka masana, nthawi imene kwaya imaphunzira nyimbo. Alamu anavala jekete. Waya wa bokosi analowetsa mu mikisa, chipangizo chija cha mabatani ambiri chimene chimakhala pambali pa kiyibodi, mmene mumakumana mawaya onse a zokuzira mawu. Kwaya inayamba. Ndinaona dzanja la alamu likukwera ndi kutsika. Ndinaona mutu ukugwedezeka, phazi likuponda pansi. Ndinaona munthu akuimba ndi mtima wake wonse ngati pa kanema wozimitsidwa mawu.

"Mlamu?" anafuula nyimbo itatha.

"Ndaona, alamu."

"Sindinafunse za kuona."

"Ndiye ayi."

Lamulungu lotsatira, popita kukaponya chopereka, ndinaona alamu akuyenda modabwitsa, mwendo uliwonse akuutaya patali, milomo ikugwedera. Anthu ankaganiza kuti mzimu wawagwira. Iwo ankayeza tchalitchi. Anapeza kuti kuchokera pamene pamaima kwaya kufika pabenchi langa pali mapazi makumi anayi ndi awiri, ndipo Lolemba m'mawa anayeza mtunda womwewo kuchokera pandowa yawo. Unathera m'bafa la oyandikana nafe.

"Mlamu, mukaime mmenemo."

"Alamu, muli munthu."

"Ndiye bwino. Mufunseni ngati akumva."

Bambo a nyumba imeneyo anayankha okha, sopo ali m'maso, ndipo zimene ananena sindingazilembe. Alamu anamvetsera mpaka kumapeto n'kugwedeza mutu. "Iwo akumveka bwino kuno. Ndiye vuto si mtunda."

Anagamula kuti kambale kamodzi n'kosungulumwa, kakufunika anzake. Mlungu umenewo belu la pageti la oyandikana nafe omwewo linasiya kulira. Galimoto yachidole ya mdzukulu wa osoka nsapato inayamba kuyenda mwaulemu. Kachipangizo kochenjeza za utsi ka m'sitolo ya zitsulo kanasanduka chokongoletsera denga. Palibe amene anaona kanthu, koma aliyense ankadziwa kumene kwapita mawu a zinthu zake.

Anandipeza ndikuchapa, timbale tisanu ndi kamodzi tili m'manja.

"Mlamu, tamverani. Titha kutilumikiza motsogozana, ngati anthu a pamzere wa kuchipatala, kapena mbali ndi mbali, ngati anthu onyamula kabati. Inu mukuona bwanji?"

"Ine ndikuona kuti mwaponda malaya ochapa."

"Pamzere amathandizidwa ndi wakutsogolo yekha. Tinyamule kabati."

Anatimata tonse kunsi kwa chivundikiro cha bokosi, ndipo mawu anabweradi, ambiri. Batani la malaya likakhudza bokosilo, gu, ngati chitseko cha lole. Chala chikatsetsereka pathabwa, ngati wina akukoka bedi pasimenti. Ntchentche ikatera, umamva mwendo uliwonse pawokha. Bokosi lija linkamva chilichonse cha pansi pa thambo kupatula nsambo zake zitatu.

"N'chiyambi," anatero alamu. "Makutu latsegula. Chatsala n'kuliphunzitsa choti lizimvera."

Pokonzekera mayeso achiwiri anasala kudya kuyambira Lachisanu m'mawa, kuti Ambuye alikumbukire bokosilo. Tsiku limenelo abusa anapezekapo, ndipo anati tisanayambe tikhale chete mphindi imodzi, aliyense apemphere mumtima. Tinawerama. Alamu anali atalumikiza kale waya, bokosi atalikumbatira pamimba.

M'zokuzira mawu zonse zinayi munatuluka kubangula. Kunayambira pansi, n'kukwera, n'kupuma pang'ono, n'kubwereranso ndi ndime yachiwiri. Mayi wina wa m'kwaya, maso ali chitsinzinire, anati ameni. Alamu anadzidzimuka n'kutembenukira ku chokuzira mawu chimene chinali kumbuyo kwawo kuti aone chalira n'chiyani, ndipo pamenepo bokosi linamva chokuzira mawu, chokuzira mawu n'kumva bokosi, ziwirizo n'kuyamba kubwezerana ngati anthu okangana pampopi. Tswiiiii! Magalasi a abusa anagwera m'Baibulo. Agalu a mumsewu wonse anayankha. Mlonda analowa chothamanga ndi chibonga, akufunsa kuti galimoto yathyoledwayo ili kuti.

Munthu wina atazula waya, kunagwa bata. Alamu nkhope inali ikuwala.

"Mlamu! Mwamva?"

"Ndamva, alamu. Ndamva kuti muli ndi njala."

"Tinagwirizana za nyimbo, madala," anatero a kwayamasitala, chala chili m'khutu.

Kuyambira tsiku limenelo amayi anzanga akandiona ankayamba kugwira m'makutu, n'kumandifunsa ngati kunyumba kwathu timaphika. Ndinkangomwetulira. Munthu wa benchi lomaliza sazolowera kuyang'anidwa.

Mankhwala a kukuwako, malinga ndi alamu, anali kufunditsa timbale kuti tisamamve zakunja. Masokosi anga a nyengo yozizira anapita. Chopukutira mbale chatsopano chinapita. Tsiku lina ndinachokera kumsika nditatopa, n'kudziponya pampando wanga wa khushoni. Ndinafikira pathabwa, gwa, mpaka mano anagundana.

"Alamu, siponji ya mumpandowu ili kuti?"

"Ikutumikira Ambuye."

"Nanga msana wanga?"

"Nawonso uli m'dongosolo lomwelo."

Komabe ndiyenera kuwachitira chilungamo: m'miyezi imeneyo anapeza kanthu. Anamatula timbale tisanu, n'kusiya kamodzi kokha, kachikulu ka m'belu lija. Anakapanikiza pakati pa timatabwa tiwiri topyapyala, n'kukaika pansi penipeni pa bawuti, pamene nsambo zimatsamira. Atakhudza nsambo, ndinasiya kusesa. Batani la malaya silinamveke, mimba sinamveke. Inamveka nsambo.

"Nkhani si kuchuluka, mlamu. Nkhani ndi kukhala pamene pakuchitikira zinthu."

"Ndiye timbale tisanuto mutibwezera kwa eni ake?"

"Tapuma pantchito. Musatisokoneze."

Popita ku mayeso achitatu, iwo patsogolo ndi bokosi lokulungidwa m'thawulo langa, ine pambuyo, anachepetsa liwiro mpaka tinayenda limodzi.

"Mlamu, lero mukamva ngakhale pang'ono, ngati udzudzu, mukanene kuti lamveka."

"Ndikamva ngati udzudzu ndikanena kuti ndamva ngati udzudzu."

"Kabodza kamodzi, ka wachibale. Mukalapa madzulo, ine ndikuthandizani kugwada."

"Ayi, alamu."

"Mng'ono wanga sanakwatire mkazi," anauza mtengo wa magetsi umene tinkadutsa. "Anakwatira sikelo."

Kwaya inayamba, kiyibodi inayamba, ndipo ndinalimva. Silinali ngati udzudzu. Linadutsa pansi pa mawu a kwaya, n'kudutsa mabenchi onse opanda anthu, n'kundipeza pamene ndinakhala, loyera, lokhala ngati likudandaula pang'ono, likunena nyimbo imene amuna anga ankaiimba pometa ndevu. Mzere woyamba. Mzere wachiwiri. Kenako ndinaona dzanja lamanzere la a kwayamasitala likuchoka pa kiyibodi, pamene linalibe chochita kale, n'kupita pa mikisa. Linagwira batani limodzi n'kulitembenuza pang'onopang'ono, nkhope ya mwini dzanjalo ili m'mwamba ngati akuona angelo. Bokosi linamira. Alamu, amene ankalimva pamiyendo pawo, sanadziwe kanthu. Anaimba mpaka thukuta.

Nyimbo itatha a kwayamasitala anafulumira kufunsa okha.

"Mayi, pofika kumapeto kwa nyimboyi, bokosili limamveka kumeneko?"

"Ayi."

Funso linali limenelo, ndipo yankho lake loona linali limenelo. Palibe amene anandifunsa chimene ndinaona, ndipo ine si munthu woyankha mafunso osafunsidwa, makamaka kwaya yonse itatembenuka kundiyang'ana. Ndinabwerera kunyumba ndi choonadi changa chonse, chopanda banga, chikundilemera ngati beseni la zovala zonyowa.

Milungu itatu alamu analizunza bokosi losalakwa. Anamatula kambale, n'kukamatanso, n'kukamatulanso. Anasintha bawuti. Anasintha waya. Ndinkawamva akulilankhula ngati mwana wolephera sukulu: ndakupatsa chiyani chimene sindinakupatse? Nthabwala zinatha. Supuni inkagunda kapu, pakhomo osaoneka munthu. M'mawa wina anakhala pandowa, bokosi lili pamiyendo, osalikhudza. Ndinawatengera tiyi, n'kuima patsogolo pawo ngati wopalamula.

"Alamu, tsiku lija linamveka. Mizere iwiri yoyamba ndinaimva bwinobwino. Kenako a kwayamasitala anatsitsa. Ndinaona dzanja lawo."

Ndinkayembekezera kuti kapu iuluka.

"Anatsitsa?"

"Anatsitsa."

"Ndi dzanja lawo?"

"Lamanzere."

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, tiyi n'kutayikira pathalauza.

"Mlamu! Munthu amatsitsa chinthu chosamveka? Moyo wanga wonse ndakhala ndikupempha anthu kuti akweze, lero wina wachita kutambasula dzanja n'kutsitsa! Kiyibodi ya mabatani mazana yaopa bokosi la fodya!"

Tsiku limenelo anayenda msewu wonse, jekete atavala, akuima pa aliyense. "Anditsitsa!" anauza osoka nsapato. "Anditsitsa, mayi!" anauza ogulitsa makala. Anthu osadziwa nkhani ankawapepesa, iwo n'kuwagwira chanza ngati alandira mendulo. Ine sanandifunse chifukwa chimene ndinakhalira chete milungu itatu. Ndikanakonda akanandikalipira.

Anagamula kuti mawu awo sadzadutsanso m'manja mwa munthu wina. Anatenga chitini cha polishi wa nsapato, n'kuchitsuka, n'kumangamo kachipangizo ka tizitsulo tochepa ndi batire limodzi la makona anayi, koti kazikhala pakati pa bokosi ndi chokuzira mawu.

"Kambaleka mawu kali nawo, koma mpweya kalibe," anatero, kagalasi kali padiso. "Waya ukatalika kamafika katatopa. Chitinichi ndi mapapo."

Chokuzira mawu anakachotsa m'galimoto yakufa kwa amakanika, n'kuchimangirira m'kamwa mwa ndowa yawo ija. Ndowa itakwezedwa udindo, iwo anayamba kukhala pa njerwa. Tsiku limene analumikiza zonse, bokosi, chitini ndi ndowa, galasi la zenera langa linanjenjemera, koma kukuwa kunalibe. Patapita kanthawi osoka nsapato anabwera okha kuchokera kumapeto kwa msewu, nsapato ya munthu ili m'manja. Ndinaganiza kuti abwera kudzakalipa.

"Madala, nyimbo munayamba nayo ija, taibwerezani. Inadutsa lole pakati."

Alamu anandiyang'ana.

Anamwalira patangopita masiku khumi, Lachitatu m'mawa, ali m'tulo. Ndicho chinthu chokhacho chimene anachita osafuna kuti chimveke. Ndinawapeza atagona chammbali, jekete lili pamsomali pakati pa mawotchi awo, batire atalichotsa m'chitini n'kuliimika patebulo kuti lisathe pachabe.

Pamaliro anthu anadzaza mpaka kunja. Akazi awo anapeza mpata kuchoka kwa mayi awo, ndipo analira mokweza moti malemuwo akanakhutira. A kwayamasitala anapempha kulankhula. Anati mpingo wataya katswiri, munthu wa luso losowa, amene kwaya inali pafupi kumulandira. Ndinangoyang'ana dzanja lawo lamanzere, n'kupitiriza kuliyang'ana, mpaka analibisa m'thumba n'kumaliza mawu awo msanga.

Tsopano mumsewu wathu zonse zikuyenda bwino. Oyandikana nafe anagula belu latsopano, ndipo lakhala miyezi inayi likulira popanda wolitumbula. Zidole za ana zimafa imfa yachilengedwe. Chimene ndasiya pachingwe ndimachipeza pachingwe. Osoka nsapato amati masiku akutalika, misomali yawo ikumveka kwambiri. Mayi ogulitsa makala akafuna kunong'ona amayamba ayang'ana kumpanda wathu, n'kukumbukira kuti kulibe wosuzumira, nkhaniyo n'kuwathera kukoma. Kachipinda kakuseri ndinakasesa koma sindinachotsemo kanthu. Bokosi, chitini ndi ndowa zili pamene anazisiya, zolumikizana ndi mawaya amene palibe wina akudziwa kuti uti ukulowa pati.

Pali chimodzi chimene sindinauzepo munthu, ngakhale abusa. Lachinayi lililonse amayi a mpingo timasesa m'tchalitchi, ndipo kiyi amasunga ndine. Ndimatsegula anzanga asanafike. Lolemba la mlungu umene anamwalirawo, ndikutsuka mbale pampopi, alamu anabwera n'kuima kumbuyo kwanga. Analankhula motsitsa, moti poyamba sindinawazindikire.

"Mlamu, Lachinayi mundilowetse amayi anzanu asanafike. Za kwaya ndazisiya, za Lamulungu ndazisiya. Ine kutsogolo, inu pabenchi lanu. Nyimbo imodzi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, popanda wotsitsa. Mizere iwiri munaimva kale. Ndikufuna mumve yotsalayo."

Ndinaganiza za amayi abusa, amene nthawi zina amalawirira. Ndinaganiza za amayi anzanga atatipeza, ine kumbuyo ndekha, alamu kutsogolo ndi ndowa, ndi mmene nkhaniyo ikanayendera kumsika. Ndinatsegula mpopi kwambiri, madzi n'kumasokosera m'beseni, ndipo ndinakhala ngati sindinamve.

Anaima pamenepo kanthawi. Kenako ndinamva mapazi awo akubwerera kuseri, n'kuima pakona.

"Chabwino, mlamu. Mundiyankhe mukamaliza mbalezo."

Mbalezo zinali zinayi zokha.